Kathumba Kamene Amayi Asoka M'kabudula Wanga Wothamangira

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndimakhala ku Kabwata, muno mu Lusaka, ndi amayi anga, ndipo ndine wothamanga. Masana ndimawathandiza kusoka pakhonde, koma makasitomala awo onse amadziwa kuti mabatani amene ndaika ine sakhalitsa, chifukwa manja amakhala pa nsalu mutu uli kumsewu. Nkhani imene ndikukulemberaniyi sinatulukepo pakhomo pathu, choncho mundipirire ndikamazungulira. Ife a mitunda italiitali tinazolowera kuzungulira bwalo kangapo tisanafike pa chingwe.

Ndimadzuka kunja kukungoyamba kuyera, mbaula za anthu zisanayambe kufuka. Ndimatsika masitepe a mafulati nsapato zili kumanja, n'kukavalira pansi kuti ndisadzutse anzathu. Pa sitolo ya boma azimayi amakhala atafola kale mzere wa ufa, atafunda zitenje mpaka kumutu, ndipo sipalephera wina wokuwa kuti, "Iwe wa maspidi, kationeleko ngati sopo yafika mu tauni!" Ndimaseka n'kudutsa. Ndikangosiya msewu wa Chilimbulu n'kulowa ku Woodlands, dziko limasintha. Mwezi uno mitengo ya jakaranda yayoyola maluwa ake, msewu wonse wangoyalidwa, moti phazi likaponda silimveka.

Apa m'pamene ndimalota ndili maso. Tsiku lina ndinaima pawindo la sitolo ina mu Cairo Road n'kuona pa wailesi yakanema bwalo la kunja, lokhala ndi njira yofiira ngati dothi la kwathu ku Katete mvula itangokata. Kuyambira pamenepo bwalo lija limandilondola. Ndikafika ku Kabulonga, mipanda italiitali ija imasanduka mipando yodzaza ndi anthu. Agalu akamauwa kuseri kwa mageti, ine ndimamva anthu akuitana dzina langa m'zilankhulo zimene sindizidziwa. Nthawi zina ndimaona malemu bambo anga atakhala pamwamba penipeni, atavala ovolosi yawo ya ku njanji, chipewa chili m'manja. Sakuwa ayi, amangondiyang'ana momwe ankayang'anira sitima ikamalowa. Ndimabwerera kunyumba thukuta lili kamukamu, mtima uli mbee, mendulo nditaipambana kale dzuwa lisanatenthe.

Tsopano maloto aja afika pakhomo. Ndasankhidwa m'gulu la dziko lathu lopita ku mpikisano waukulu kutsidya kwa nyanja. A tcheyamani a Chipani a seksheni yathu anabwera okha kudzagwira amayi chanza, n'kulonjeza kuti azimayi a Chipani adzativinira pabwalo la ndege. Ine ndege ndimangoiona ikudutsa pamwamba pa mafulati, ndipo masiku ano ndikaimva ndimasiya singano n'kuiperekeza ndi maso mpaka italowa m'mitambo.

Vuto langa ndi ili, Aphungu. Ndili ndi mphumu. Ndinayamba nayo ndili wamng'ono, monga analili bambo anga. Kukazizira, kapena fumbi likachuluka, chifuwa chimamanga ndipo mkati mwake mumalira kamluzu. Adokotala a ku kiliniki amandilembera timapilitsi toyera. Ndikamwa kamodzi ndisananyamuke, chifuwa chimatseguka, mpweya n'kumalowa bwinobwino, ndipo ndikhoza kuthamanga mpaka ku Chelstone osamva kanthu. Sindinagule kumsika, sindinabe, ndi mankhwala anga ondilembera. Koma kupatula amayi ndi a ku kiliniki, palibe amene akudziwa. Amayi amawasunga m'kachitini ka mabatani, m'kabati ka makina osokera, chifukwa kwathu matenda a mwana wamkazi satuluka pakhomo mpaka atakwatiwa. Alangizi anga a chinamwali anandiuzanso chimodzimodzi.

Ndipo ndili pafupi kukwatiwa. Mnyamata wake ndi Abson, amakonza mawailesi ku Northmead, kwawo ndi ku Chelstone. Ankhoswe anakumana kale. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa manja ofatsa, amene amaika khutu pa wailesi yakufa n'kukuuzani chimene chavuta asanaitsegule. Ndimamukonda kwambiri, ndinene poyera. Tsiku lina ndinapita kukaona amayi ake, ndinawapeza akusenda nsawawa pamkeka. M'kucheza kwathu anayamba kusimba za mwana wa mlongo wawo amene chibwenzi chake chinatha. Anati, "Uja mtsikana wa ku Makeni tinamukana ise. Anali na chifuba cha asima. Vija vimangena mu mtundu, bana bonse bazayamba kulila monga tukiti, tuja tubana twa mphaka." Ananena akuseka, akundithirira tiyi wina. Ine ndinaseka nawo, koma tiyi uja ndinamusiya m'kapu.

Loweruka lina Abson anandiperekeza pa njinga yake ndikuthamanga. Tili pakati pa msewu lole inadutsa n'kutisiyira fumbi, kamluzu kaja n'kuyamba. Iye anatembenuka n'kufunsa kuti, "Iwe, ni ndani aimba muluzu?" Ndinati, "Ni fumbi chabe." Anandiyang'ana, n'kupitiriza kupalasa. Kuyambira tsiku limenelo, akandiperekeza amapalasa mbali ya msewu, ine n'kumathamanga mbali ya udzu.

Zonsezi ndikanapitiriza kuzisenza mwakachetechete, koma sabata yatha aphunzitsi athu a zothamanga, ba Chishimba, anatikhazika pa udzu titamaliza maseweredwe, n'kuyamba ndi moni wa kwawo. Anati, "Shani bonse? Mvelani bwino manje. Kuja tiyenda si kuno. Ukawina, sibakuleka uyende kukasamba. Muzimai wa jasi yoyela akutenga, akupasa ka botolo, ukodzemo eve ali kuona. Mashini yao ipeza vonse vamene unamwa, olo ka pilisi kamodzi ka chimfine. Bakapeza, mendulo bapoka, na zina yako bakamba pa wailesi. So ngati kuli wamene amamwa mankwala, akambe kuli ba dokota ba timu, babwela sabata ino ibwela." Kenaka anandiloza ine, poti amanditchula dzina la komboni yathu, n'kunena kuti, "Iwe Kabwata nikuziba, ulibe vuto. Chifuba chako ni cha hachi." Anzanga onse anaseka, inenso ndinaonetsa mano.

Mawa lake ndinati ndiyese kuthamanga osamwa kanthu. Mpaka ku Woodlands zinayenda. Kenaka mpweya unayamba kuchepa pang'onopang'ono, ngati munthu akutseka mpopi. Ndinakhala pansi pa jakaranda, kenaka ndinagona chagada. Chodabwitsa n'chakuti sindinachite mantha poyamba. Maluwa ankagwa amodziamodzi kuchokera kumwamba, akuzungulira, ena n'kumatera pankhope panga, ndipo ndinkangowawerenga ndi maso ngati si ine amene ndikubanika. Bwalo langa lija linabwera, koma munalibe munthu, mipando yokhayokha. Kamluzu kokha n'kamene kankamveka. Sindikudziwa kuti ndinagona nthawi yaitali bwanji. Chifuwa chitamasukako ndinabwerera kunyumba chapansi, ndikupumira pa mtengo uliwonse.

Amayi atandiona anadziwiratu, ndiye ndinawafotokozera zonse. Ndinkaganiza kuti chiwavute ndi nkhani ya mapilitsi, koma iwo anaimitsa makina atamva za botolo. Amayi anga ndi a bungwe la Ana Woyera, Misa saphonya, koma anakulira ku Katete. Kuyambira ndili mwana, tsitsi langa likametedwa amalikwirira okha, zikhadabo amaziponya m'moto, ndipo nsalu yanga ya kumwezi sinayanikidwepo panja. Anati, "Mkodzo wa namwali auperekere m'manja mwa anthu achilendo? Akapite nawo kuti? Akachite nawo chiyani? Munthu woipa akaugwira akhoza kukumanga mimba, iwe n'kukalamba wopanda mwana pamsana." Ndinayesa kuwauza kuti ndi lamulo la masewera, koma anangopukusa mutu n'kupitiriza kupalasa makina.

Patapita masiku awiri anandiitanira kuchipinda. Pabedi panali kabudula wanga wothamangira, ndipo mkati mwa lamba wake anali atasokamo kathumba kakang'ono, kosokedwa bwino moti ngakhale ine wovala sindinakaone mpaka atandigwiritsa chala. Pambali panali kabotolo ka mafuta a makina, atakatsuka ndi kukawiritsa mpaka kuwala. Anati, "Tsiku lonyamuka ndidzathiramo mkodzo wanga, iwe udzakabise m'kathumbaka. Ukakalowa m'kachipinda kawoko, ukathire uwu m'botolo mwawo. Ine mowa sindimwa, fodya sindikoka, mapilitsi akowo sindinalawepo. Akapeza chiyani? Ndipo ine ndinabereka kale, ndinamaliza. Ngati akufuna womumanga mimba, amange ine."

Aphungu, ndinalira. Mayi amene amakwirira ngakhale tsitsi langa, lero akupereka mkodzo wake kwa anthu amene akuwaopa, kuti ine ndipulumuke. Asiya ndi tiyi yemwe, akungomwa madzi kuti akuti ukhale woyera. Ndimawamvera chisoni, chifukwa ndi kale lomwe timapilitsi tawo ta kuthamanga kwa magazi, tija anawapatsa miyendo itayamba kutupa, timawapititsa kuchimbudzi pafupipafupi, ndiye tsopano ndi madziwa sakhazikika n'komwe pa makina.

Ndithandizeni. Kodi n'zoona kuti makina amenewo amaona ngakhale mankhwala olembedwa ndi dokotala, n'kumutcha munthu wakuba? Ndikauza adokotala a timu, mawa lake bwalo lonse lidziwa, ndipo nkhani za pabwalo sizichedwa kufika ku Chelstone. Ndikakhala chete n'kupambana, wailesi idzanena, mwina Abson ali nayo m'manja akuikonza. Nditenge kabotolo ka amayi? Kapena ndinamizire kuti ndabinya mwendo, ndege ipite ine nditsale, ndikwatiwe bwinobwino ndi chinsinsi changa?

M'mawa uno ndinathamanganso, nditamwa kapilitsi kanga. Bwalo linabwera ndi anthu ake onse, bambo ali pamalo pawo. Koma nditadula chingwe, amene anandilandira anali mzimayi wa jasi loyera, atanyamula botolo, akumwetulira mwaulemu.

F.M., Kabwata, Lusaka

*

Mwana wanga F.M.,

Kabotolo ako kasakwere ndege. Ndayamba ndi zimenezi kuti ngakhale nyuzipepalayi ikathere kukulungira tomato usanawerenge zonse, mawu amenewa ukhale utawaona.

Kalata yako ndinapita nayo kwa dokotala wina amene amaona anthu a masewera, dzina lako ndi la komboni nditabisa. Atafika pa timapilitsi ta amayi ako anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola. Mapilitsi opatsidwa kwa munthu wotupa miyendo, amene amamukodzetsa pafupipafupi, kawirikawiri ndi aja ochotsa madzi m'thupi, ndipo amenewo ndi oletsedwa pa masewera, chifukwa akamberembere amawamwa pofuna kutsuka mankhwala ena m'thupi asanayezedwe. Ukumva? Mkodzo wa mayi wa Ana Woyera, wosamwa mowa, wosakoka fodya, ndi umene ungakugwetse msanga kuposa wako. Ndipo akakupeza nawo sadzati ndiwe wodwala, adzati umabisa kanthu.

Komanso sungafike n'komwe pothira. Mzimayi wa jasi uja saima kunja kwa chitseko ayi. Amalowa nawe, malaya umakweza, kabudula umatsitsa, iye maso ali pomwepo. Ntchito yake ndi imeneyo ndipo tumatumba waonapo tambiri. Taganiziranso za mkodzo woti wayenda m'sutikesi kuchoka ku Kabwata, n'kukhala masiku kudikira tsiku la mpikisano wako. Umenewo sufuna makina, mphuno yokha ikwana. Wogwidwa akusintha mkodzo chilango chake n'chowawa kuposa wopezeka ndi mankhwala a chifuwa, ndipo manyazi ake satsukika.

Tsopano funso lako lenileni. Inde, n'zoona. Zimene munthu wamwa zimasiya zizindikiro mu mkodzo, zina kwa masiku angapo, ndipo makina amazilekanitsa n'kuzitchula chimodzichimodzi. Makinawo safunsa kuti unamweranji kapena anakulembera ndani. Dokotala uja akuti mapilitsi ambiri a mphumu amene timalandira m'makiliniki ali ndi mankhwala otchedwa efedirini, amene amatsegula chifuwa komanso amathamangitsa mtima, n'chifukwa chake ndi oletsedwa. Sanganene motsimikiza za ako asanawaone, koma akukayikira kwambiri. Iwe si wakuba, mwana wanga. Wakhala ukumwa mankhwala ako mwachilungamo. Koma lero wadziwa, ndipo ukakhala chete kuyambira lero, mlandu udzakhala wako.

Nkhani yabwino ndi iyi, ndipo uiwerenge kawiri. Mphumu siletsa munthu kuthamanga. Alipo othamanga ndi osambira ambiri kunjako amene ali nayo, ndipo amapikisana poyera. Pali mankhwala ena opopera m'kamwa ndi kapampu kakang'ono, amene malamulo amalola, ndipo adokotala a timu ndi amene akudziwa kuti ololedwa ndi ati ndiponso kuti auze ndani. Choncho usadikire kuti abwere pabwalo anzako ali pamzere kumbuyo kwako. Funsa kumene amagwira ntchito, upite mawa, utanyamula mapilitsiwo m'pepala lake ndi kadi lako la ku kiliniki. Uwauzenso za tsiku unagona pansi pa mtengo lija, osachotsapo kanthu. Changu chikufunika pa zifukwa ziwiri. Mankhwala akalewo amafuna nthawi kuti atuluke m'thupi, iwenso ufunika kuzolowera atsopanowo ukuthamanga kuno kwanu. Ndipo masiku ano, pamene sopo yemwe timamufolera, kapampu sikapezeka tsiku limodzi.

Ba Chishimba uwauze wekha, pambali. Adzadzidzimuka, mwina adzakalipa pang'ono chifukwa hachi yawo yawabisira. Asiye akalipe. Mphunzitsi aliyense angasankhe kumva zimenezi pa udzu wa kwawo kusiyana n'kuzimva kunja, mbendera itakwera kale. Sindingakulonjeze mendulo, ndipo sindine amene ndimasankha okwera ndege, koma njira yokhayo imene ingakufikitse pa bwalo lako lofiira lija n'kubwerako mutu uli m'mwamba ndi imeneyi. Za kubinya mwendo mwabodza usazitchulenso. Udzakhala pakhonde moyo wako wonse ukuperekeza ndege ndi maso, mabatani a anthu akugwa.

Amayi ako usawaseke, ndipo usakangane nawo za kumanga mimba, chifukwa pamenepo suwapambana. Auze momwe zimayendera. Mkodzowo umauthira wekha m'mabotolo awiri, amatsekedwa ndi chidindo iwe ukuona, ndipo pa botolo salembapo dzina, amalembapo nambala. Amene amauyeza sadziwa ngati ndi wa mtsikana wa ku Kabwata kapena wa kudziko lina, sadziwa mayi ake, sadziwa mudzi wake. Botolo lachiwiri limasungidwa chitsekere, kuti loyamba likapezeka ndi vuto adzalitsegule pamaso pa anthu a timu yako. Amayi ako akudziwa bwino kuposa ine kuti amene amaopedwa ndi munthu wokudziwa, wodziwa pakhomo pako. Ukapita kwa adokotala uwatenge, amve ndi makutu awo, afunse zonse zimene akufuna. Ndipo abwerere ku tiyi wawo, mapilitsi awo apitirize kumwa monga anawauzira ku kiliniki.

Tsopano za Abson, poti ndikuona kuti mantha ako enieni ali ku Chelstone. Mwana wanga, wandiuza wekha kuti mnyamatayu amadziwa vuto la wailesi pongoika khutu. Wandiuzanso kuti chimvereni kamluzu kako, amapalasa mbali ya fumbi kuti iwe upite mbali ya udzu. Ukuganiza kuti amachita zimenezo chifukwa amakonda malole? Ine ndikuona ngati munthuyu anamva kale, akungodikira kuti umukhulupirire. Mwina ndalakwitsa. Koma umuuze iye asanamve kwa wina, makamaka usanapite n'komwe kwa adokotala. Usayambe ndi kupepesa ngati wapalamula. Umuuze kuti uli ndi mphumu, umamwa mankhwala, bambo ako anali nayo, ndipo unaopa chifukwa cha zimene amayi ake ananena.

Za apongozi akowo ndi ntchito ya Abson ndi ankhoswe, si yako. Sindikunamiza, mwina kudzakhala phokoso. N'zoona kuti mphumu nthawi zina imayenda m'banja, ngakhale si mwana aliyense amene amaitenga, ndipo siyopatsirana ngati chifuwa chachikulu. Ngati Abson angakusiye chifukwa cha zimenezi, zidzakupweteka kwambiri, ndipo udzandilembere tidzalire limodzi. Koma taganizira njira inayo. Wakwatiwa ndi chinsinsi chako, kwazizira mwezi wa Juni, chifuwa chamanga m'mawa wina, iwe sukutha kulankhula, ndipo mwamuna amene ali pambali pako sakudziwa kuti mankhwala ali m'kachitini ka mabatani ku Kabwata. Mwambo wobisa matenda a namwali unapangidwa kuti umuteteze, koma apa ukhoza kukupha.

Chenjezo langa ndi ili. Usadzayesenso kuthamanga wekha wopanda mankhwala. Maluwa aja unkawaona akugwa mokongola chifukwa mpweya unali ukutha m'mutu mwako, ndipo anthu amafa motero, mwakachetechete, m'mbali mwa msewu. Mapilitsi ako usawasiye mpaka adokotala atakupatsa cholowa m'malo mwake. Kuyambira lero mpaka kubwerako, usalandire mankhwala alionse kwa mnzako, kaya a chimfine, kaya a mutu, kaya ufa wopatsa mphamvu wa ku msika wa Soweto, osayamba wafunsa adokotala a timu.

Kabotolo kaja kabwerere ku makina, kakagwire ntchito yake ya mafuta. Koma kathumba amayi asakaphwasule. Kapampu kaja ndakaona, ndi kakang'ono, kotha kubisika m'chikhatho, ndipo ndikukhulupirira kuti kakwana bwinobwino. Ukakalandira, upite nako kwa amayi akowo, aike okha m'kathumbamo ndi manja awo. Iwo anasoka kuti pa bwalo lachilendo lija ukakhale ndi chinthu chokuteteza m'chiuno, ndipo chidzakhalamodi, choti ukhoza kuchitulutsa n'kumuonetsa mzimayi wa jasi loyera uja.

Aphungu